Kochi wolimba mtima kapena wamantha? Muonereni pa down yachinayi

Mukafuna kudziwa mtima wa kochi wa mu NFL, ligi ya mpira wa ku America (American football), zimene amauza atolankhani zisakutayitseni nthawi. Dikirani down yachinayi. Timu imapatsidwa mipata inayi, yotchedwa ma down, kuti iyende ndi mpira mayadi 10. Itatu ikatha mayadiwo asanakwane, kochi amasankha pakati pa punt, komwe ndi kumenyera mpira kutali kuti adani akayambire kumbuyo, field goal, komwe ndi kumenyera mpira pakati pa mapolo kuti mupeze mapointi 3, kapena kuyeseranso akudziwa kuti zikakanika adani atenga mpira pomwepo.

Ine ndimatere: osewera akangofola, ndimaimitsa kanema. Ndimaona mayadi otsala, pomwe mpira uli, nthawi ndi mapointi, kenako ndimanena mokweza zomwe ndikanachita. Osadikira zotsatira, chifukwa zikatha aliyense amasanduka katswiri.

Yesani ndi gemu ya mu 2009 ya Patriots ndi Colts. Patriots akutsogola 34-28, zatsala mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, ndi down yachinayi, akufunika mayadi 2, ali pa yadi 28 kumbali yawo. Imitsani pamenepo. Mukapeza mayadi awiriwo, gemu yatha. Mukamenya punt, mwapatsa mpira Peyton Manning, woponya mpira wa Colts, munthu woti mayadi 70 kwa iye sanali ulendo wautali. Bill Belichick, yemwe anali kochi wa Patriots, anayesera, wosewera wake Kevin Faulk anagwetsedwa atangoperewera pang'ono, ndipo Patriots analuza 35-34. Anamunyoza sabata yonse. Ine mpaka lero ndimati anaganiza bwino. Doug Pederson, yemwe anali kochi wa Eagles, anachita zofananazo mu Super Bowl (fainolo ya NFL) ya February 2018, itatsala yadi 1 kuti agoletse, Trey Burton n'kuponyera mnzake Nick Foles. Zinatheka, Eagles anawina 41-33, ndiye iyeyo anthu amamutcha ngwazi.

Kochi wosamala mumuzindikira msanga. Akangotsogola, kuponya kumachepa, mpira umangothamangitsidwa pansi kuti nthawi idyeke. Marty Schottenheimer anawina magemu 200 ndi kaseweredwe kameneka, koma mu ma playoff, magemu a chipulumutso a kumapeto kwa sizoni, anawina 5 n'kuluza 13.

Komabe musathamangire kunena kuti kusamala ndi mantha. Pano ndiye pomwe wotchi imalamula. Mu Super Bowl ya February 2017, Falcons anali patsogolo pa Patriots 28-20, zitatsala mphindi zosakwana zisanu, Julio Jones atawafikitsa pa yadi 22 ya Patriots. Imitsaninso kanema. Chofunika apa n'chochepa: kuthamanga katatu, kudya nthawi, kumenya field goal, kusiyana kufike pa 11. Anathamanga kamodzi, kenako Kyle Shanahan, kochi amene ankasankha maseweredwe a Falcons akakhala ndi mpira, anaitanitsa kuponya. Matt Ryan, woponya mpira wawo, anagwetsedwa kumbuyo, kunabwera chilango cha holding (kugwira mdani mosaloledwa) chomwe chinawabwezanso kumbuyo, field goal inatalikira, anamenya punt. Tom Brady, woponya mpira wa Patriots, anafananitsa mapointi, Patriots n'kuwina 34-28 mu nthawi yowonjezera. Gemu imeneyi ndikamaibwereza, ndikafika pa yadi 22 paja ndimakuwabe ndekha kuti thamangani nawo.