Momwe mungachepetsere nthawi yanu pa mpikisano wothamanga makilomita 10

Anthu ambiri amene amathamanga m'mamawa m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu amafika poti nthawi yawo imasiya kusintha. Munthu amene chaka chatha ankamaliza makilomita 10 m'mphindi 60 amapezeka kuti chaka chinonso akumaliza m'mphindi zomwezo, chonsecho tsiku lililonse amabwerera kunyumba malaya atanyoweratu ndi thukuta. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi. Vuto limakhala kuthamanga pa liwiro limodzimodzi masiku onse, liwiro lotopetsa moti thupi silipeza mpata wochira, koma losakwanira kuphunzitsa miyendo kufulumira. Mankhwala ake ndi kusiyanitsa masiku, kuti ambiri akhale opepuka kwenikweni ndipo ochepa okha akhale olimba. Ndondomeko yotsatirayi ndi ya masabata 12, ndipo ikuyenera munthu amene amatha kale kuthamanga mphindi 30 osaima. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu, kapena amamva kupweteka pachifuwa akamagwira ntchito yolemetsa, ayambe waonana ndi dokotala.

Choyamba: dziwani pamene muli

Sankhani tsiku limene mwapumula bwino, ndipo muthamange makilomita 5 ndi mphamvu zanu zonse pamalo athyathyathya, wotchi ili pamkono. Pabwalo lokhala ndi njira ya othamanga ya mamita 400, monga Bingu National Stadium ku Lilongwe, mtundawu ndi maulendo 12 ndi theka mukamazungulira m'njira yam'kati. Kumene kulibe bwalo lotere, yezani msewu ndi pulogalamu ya pafoni ngati Strava, ndipo muzigwiritsa ntchito msewu womwewo nthawi zonse mukafuna kudziyesa. Mabwalo a mpira a m'masukulu amasiyana kukula, choncho musawerengere maulendo ozungulira musanayeze.

Nthawi imene mwapezayo ndiyo muyeso wa zonse zotsatira. Katswiri wina wa ku America, Peter Riegel, anatulutsa njira yowerengetsera mu 1977 yosonyeza kuti mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kawiri ndi kupitirirapo pang'ono, pafupifupi 2.08. Motero munthu amene wamaliza makilomita 5 m'mphindi 28, kutanthauza mphindi 5 ndi masekondi 36 pa kilomita, angayembekezere mphindi 58 ndi masekondi angapo pa makilomita 10. Kwa munthu wotere, cholinga cha mphindi 55 n'chanzeru, pamene cholinga cha mphindi 45 m'miyezi itatu chingangomufikitsa kuchipatala. Zitsanzo zonse m'nkhani ino zachokera pa wothamanga ameneyu, ndipo inu musinthe manambala molingana ndi nthawi yanu.

Chachiwiri: thamangani pang'onopang'ono masiku ambiri

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo m'pamenenso anthu ambiri amakana kumva. Masabata anayi oyambirira muzithamanga kanayi pa sabata, mphindi 30 mpaka 45, pa liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu n'kumaliza chiganizo chonse osadukiza kuti mupume. Ngati mukuyankha ndi mawu amodziamodzi, mpweya uli wefuwefu, ndiye kuti mwafulumira. Kwa wothamanga wathu uja liwiro limeneli ndi mphindi 6 ndi theka kapena 7 pa kilomita, ndipo pachitunda likhoza kutsika kuposa pamenepo popanda cholakwika.

Chifukwa chake chili m'kati mwa thupi. Kuthamanga kopepuka kwa nthawi yaitali kumalimbitsa mtima kuti uzipopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, kumachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa mpweya ku minofu, ndiponso kumazoloweretsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta ake m'malo modalira shuga yekha. Komanso mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mafupa ndi mitsempha ya m'mapazi ndi m'mawondo. N'chifukwa chake munthu amamva ngati ali ndi mphamvu zothamanga kwambiri pakangotha masabata atatu, kenako n'kuyamba kumva ululu pamsongolo kapena kuseri kwa chidendene, poti miyendoyo inali isanakhwime.

Wofufuza za masewera Stephen Seiler, amene amagwira ntchito ku Norway, anaona kuti akatswiri a mitunda italiitali amachita pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a maphunziro awo pa liwiro lopepuka. Mfundoyi ndi yakale kuposa kafukufukuyo. Mphunzitsi wa ku New Zealand, Arthur Lydiard, ankathamangitsa Peter Snell makilomita 35 m'mapiri a kufupi ndi Auckland, ngakhale kuti mipikisano ya Snell inali ya mamita 800 ndi 1,500 okha, ndipo Snell anapambana mendulo yagolide pa masewera a Olimpiki ku Rome mu 1960, kenako ziwiri ku Tokyo mu 1964. Chimene chimalepheretsa ambiri kuno kwathu ndi manyazi basi, chifukwa munthu safuna kuti a kabaza ndi ana a sukulu amuone akuthamanga mwaulesi pamsewu. Manyazi amenewo salembedwa pa zotsatira za mpikisano, ndipo ndi bwino kuwasiya pakhomo potuluka.

Tsiku limodzi pa sabata, makamaka Loweruka kapena Lamulungu, likhale la ulendo wautali. Yambani ndi makilomita 8 ndipo muziwonjezera kilomita imodzi sabata iliyonse mpaka mufike 14 kapena 15, pa liwiro lochezera lomwe lija. Makilomita a sabata yonse asamakwere mopitirira gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi sabata yapitayo, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzichepetsako ndithu kuti thupi litolere mphamvu.

Chachitatu: onjezani tsiku la liwiro

Kuyambira sabata yachisanu, tsiku limodzi likhale lothamanga zigawo zifupizifupi mofulumira, mukupumira pakati. Njira imeneyi inatchuka ndi Emil Zátopek wa ku Czechoslovakia, amene ankabwereza mamita 400 kambirimbiri tsiku limodzi, ndipo mu 1952 ku Helsinki anapambana mamita 5,000, mamita 10,000 ndi marathon (mpikisano wa makilomita 42) pa masewera amodzi a Olimpiki. Inu simukufunika kuchuluka kwake, koma kachitidwe kake.

Yambani ndi mphindi 15 zothamanga mopepuka kuti thupi litenthe. Kenako thamangani mamita 400 kasanu ndi kamodzi, ulendo uliwonse m'mphindi 2 ndi masekondi 8 kapena 10, ndipo pakati pake muziyenda kapena kuthamanga mwapang'onopang'ono kwa mphindi imodzi ndi theka. Chizindikiro choti mwachita bwino n'chakuti ulendo womaliza ukhale ndi nthawi yofanana ndi woyamba. Amene amathamanga woyamba m'mphindi imodzi ndi masekondi 50, wachisanu n'kumakoka miyendo, manja ali m'chiuno, waononga tsikulo. Sabata iliyonse onjezani ulendo umodzi mpaka mufike 10. M'masabata omaliza sinthani kuti muzithamanga kilomita imodzi kasanu, iliyonse m'mphindi 5 ndi masekondi 25 kapena 30, mukupumira mphindi ziwiri pakati, chifukwa limeneli ndilo liwiro limene miyendo iyenera kulizindikira yokha pa tsiku la mpikisano. Malizani nthawi zonse ndi mphindi 10 zopepuka.

Kopanda bwalo, wotchi yokha imakwanira. Thamangani mofulumira mphindi imodzi, mopepuka mphindi imodzi, n'kubwereza ka 10 kapena ka 15 pamsewu wafumbi. Kachitidwe kameneka kamatchedwa fartlek, kanayambira ku Sweden cha m'ma 1930, ndipo ndi kamene magulu akuluakulu a othamanga amachita Lachinayi m'mawa m'misewu yadothi ya ku Iten ku Kenya. Msewu wadothi ulinso ndi ubwino woti suvutitsa mawondo ngati wa tala, bola muzipenyetsetsa miyala ndi maenje.

Pofika sabata yachisanu ndi chiwiri mukhoza kuwonjezera tsiku lachiwiri lolimba, lothamanga mphindi 20 osaima pa liwiro limene mungapirire nalo kwa ola lathunthu, pamene mumatha kunena mawu atatu kapena anayi okha. Kwa wothamanga wathu ndi pafupifupi mphindi 5 ndi masekondi 50 pa kilomita. Sabata zina, m'malo mwake, pezani chitunda chotenga masekondi 45 kukwera, mukwere mwamphamvu kasanu ndi katatu, muzitsika mukuyenda. A ku Blantyre ndi ku Zomba sasowa zitunda, ndipo amene akukonzekera mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje ayenera kuzikonda kwambiri, kuphatikizapo kuphunzira kutsetsereka.

Sabata yonse ikhoza kuyalidwa motere: Lolemba kupumula, Lachiwiri zigawo zaliwiro, Lachitatu mphindi 40 zopepuka, Lachinayi mphindi 20 zolimba zija kapena chitunda, Lachisanu kupumula, Loweruka ulendo wautali, Lamulungu kupumula kapena mphindi 30 zopepuka. Masiku awiri olimba asamatsatizane.

Chachinayi: samalani tulo, chakudya ndi nyengo

Thupi limalimba panthawi yopumula, osati panthawi yothamanga, choncho munthu wogona maola asanu n'kudzuka 4 koloko kukathamanga akudzibera yekha. Yesetsani kugona maola 7 kapena 8. Pa zakudya palibe chifukwa chogulira zodula za m'mabotolo. Nsima, mbatata, mpunga, chinangwa ndi phala zimabwezeretsa shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, pamene nyemba, mazira, usipa, soya ndi mtedza zimakonza minofu. Amayi ndi atsikana othamanga asamale za kuchepa kwa magazi, chifukwa kutopa kosatha ndi kupuma movutikira pa liwiro lozolowereka nthawi zina kumachokera pamenepo, ndipo kuyezetsa kuchipatala n'kosavuta.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumachedwetsa aliyense, makamaka kunyanja ndi ku Chikwawa ndi Nsanje. M'miyezi imeneyi tulukani kusanache kwenikweni, vomerezani kuti liwiro lanu litsikako, ndipo muziweruza ndi mmene mukupumira osati ndi wotchi yokha. Miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi ndiyo yabwino kuyesa nthawi yatsopano. Imwani madzi molingana ndi ludzu, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu chakuda dziwani kuti mwachepetsa. Kumwa madzi mopitirira muyeso pa ulendo wautali nakonso n'koopsa chifukwa kumasungunula mchere wa m'magazi. Mukadwala malungo kapena thupi likatentha, siyiranitu kuthamanga mpaka mutamaliza mankhwala ndi kuchira bwinobwino, ndipo pobwerera muyambe ndi masiku opepuka okhaokha.

Nsapato zothamangira zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ngakhale pamwamba pake pakuoneka bwino. Pogula za pakaunjika, itembenuzeni muone ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, kenako dinikizani ndi chala chachikulu mphira wa m'mbali mwake. Ngati mphirayo ali ndi makwinya ambiri ndipo sakubwerera, nsapatoyo inatha kale kwa mwini wake woyamba. Musiyenso mpata wa chala chimodzi kutsogolo, chifukwa phazi limatupa mukathamanga nthawi yaitali. Ululu wa minofu umene umatha mukatenthetsa thupi si wodetsa nkhawa, koma ululu wa pamalo amodzi pafupa, kapena umene umakupangitsani kutsimphina, umafuna kupumula masiku angapo, ndipo ukapitirira pitani kuchipatala.

Chachisanu: sabata yomaliza ndi tsiku la mpikisano

Kukatsala masiku 10, chepetsani makilomita pafupifupi ndi theka koma musasiye liwiro. Lachiwiri lomaliza thamangani kilomita imodzi katatu pa liwiro la mpikisano, kenako masiku otsalawo akhale opepuka ndi aafupi. Mphamvu zimene simunazipeze m'masabata 11 simungazipeze m'masiku anayi. Pa tsikulo idyani chakudya chimene mimba yanu inazolowera, monga phala kapena buledi ndi nthochi, maola awiri kapena atatu mpikisano usanayambe, ndipo musavale nsapato kapena sokosi zatsopano, kuopa matuza.

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo mawuwa amaonekera bwino pa kilomita yoyamba, pamene khamu lonse limanyamuka ngati mpikisano ndi wa mamita 200. Kuti mumalize m'mphindi 55 mukufunika mphindi 5 ndi masekondi 30 pa kilomita. Thamangani makilomita awiri oyamba m'mphindi 5 ndi masekondi 35 iliyonse, ngakhale anthu akupitirireni ambirimbiri, ndipo mudutse pa chikwangwani cha makilomita 5 wotchi ikuonetsa mphindi 27 ndi masekondi 40 kapena kuyandikira pamenepo. Gwirani liwiro lomwelo mpaka kilomita yachisanu ndi chitatu, pamene miyendo imayamba kudandaula, ndipo zotsala zonse muzitulutse pa makilomita awiri omaliza. Kelvin Kiptum wa ku Kenya, pamene ankamaliza marathon ya ku Chicago mu 2023 m'maola 2 ndi masekondi 35, anathamanga theka loyamba m'mphindi 60 ndi masekondi 48, lachiwiri m'mphindi 59 ndi masekondi 47.

Mpikisano ukatha, khalani sabata imodzi mukuthamanga mopepuka kapena kuyenda chabe. Pakatha masabata atatu bwerezani mayeso a makilomita 5 pamsewu womwe uja, muwerengetsenso liwiro la masiku opepuka ndi olimba kuchokera pa nthawi yatsopanoyo. Amene akufuna kupita ku mpikisano wa makilomita 21 asasinthe kayalidwe ka sabata, koma atalikitse ulendo wa Loweruka pang'onopang'ono mpaka makilomita 18 kapena 20, ndipo ulendowo ukamapitirira mphindi 90 azinyamula nthochi kapena chakumwa chokhala ndi shuga pang'ono.