Kuchotsa code yobwerezabwereza mu ma tracepoint a Linux kernel

Ma tracepoint ndi malo a mu code ya kernel pomwe imalemba zomwe zikuchitika (ma event), ndipo amalengezedwa ndi macro yotchedwa TRACE_EVENT. M'mafayilo a mu include/trace/events/ mumapezeka ma TRACE_EVENT ofanana chilichonse kupatula dzina. Iliyonse imabala ma function akeake olembera deta ndi osindikizira uthenga, ndiye kernel imangonenepa pachabe. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akakonza cholakwika pa imodzi, inzake imatsala nacho.

Mankhwala ake ndi DECLARE_EVENT_CLASS, yomwe imasunga code yofananayo pamalo amodzi otchedwa class, ndi DEFINE_EVENT, yomwe imapanga event iliyonse kuchokera mu class imeneyo. Tsegulani include/trace/events/sched.h muone: sched_waking, sched_wakeup ndi sched_wakeup_new zonse zimadalira class imodzi yotchedwa sched_wakeup_template.

Musanasinthe kalikonse, sungani zinthu ziwiri. Koperani vmlinux (fayilo ya kernel yomangidwa) yakale kuti ikhale vmlinux.old, kenako sungani fayilo ya format (yofotokoza ma field, zigawo za deta yomwe event imalemba) ya event iliyonse yomwe mukufuna kuigwira, mwachitsanzo /sys/kernel/tracing/events/sched/sched_wakeup/format.

Tsopano yerekezani zigawo zisanu: TP_PROTO, TP_ARGS, TP_STRUCT__entry, TP_fast_assign ndi TP_printk. Zikafanana zonse, zisamutsireni mu DECLARE_EVENT_CLASS imodzi. Event iliyonse itsale ndi DEFINE_EVENT yokhala ndi dzina la class, dzina lake lakale, TP_PROTO ndi TP_ARGS basi. Dzina lisasinthe, kuti pomwe pamaitanidwa trace_sched_wakeup() pasafunike kukhudzidwa. Ngati kusiyana kuli pa mawu osindikizidwa okha, gwiritsani ntchito DEFINE_EVENT_PRINT.

Pomwe ambiri amagwa ndi apa: ma event amaoneka ofanana, koma ina ili ndi int pomwe inzake ili ndi u64, kapena ma field awiri asinthana malo. Oterowo musawakakamize kulowa mu class imodzi. Mapulogalamu owerenga ma event monga perf ndi trace-cmd amawerenga format kuti adziwe offset ndi size ya field iliyonse, ndipo pali ma script a anthu omwe amadalira mayina a ma field amenewo. Mukasintha chimodzi, kernel imamangika bwinobwino, koma zida za anzanu zikhoza kuwonongeka inu osadziwa. N'chifukwa chake mukamanga yatsopano, yendetsani diff (pulogalamu yoonetsa kusiyana kwa mafayilo awiri) pa format yakale ndi yatsopano. Mzere wa ID wokha ndiwo ungasiyane. Pena paliponse pakasiyana, bwererani.

Kutentha kwa kuno ku Mangochi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatha kuzimitsa laputopu kernel ili mkati momangidwa. Ikani make -j2 m'malo mogwiritsa ma core onse, laputopu ikhale pamalo olimba pomwe mpweya ukudutsa pansi pake, osati pa matilesi. Make imapitiriza pomwe inalekezera, choncho magetsi akathima musayambe ndi make clean. Yesani kernel yatsopano mu QEMU (pulogalamu yopanga kompyuta yoyerekezera), kompyuta yanu yantchito musaiike pachiswe.

Ikayaka, yendetsani ftracetest, script yoyesa tracing, ya mu tools/testing/selftests/ftrace/. Kenako scripts/bloat-o-meter vmlinux.old vmlinux ikuonetsani ma byte omwe achoka. Ikani zotsatirazo mu uthenga wa commit. Patch imeneyi ikhale yochotsa kubwereza kokha. Mukapeza cholakwika panjira, chikonzeni mu patch ina, kuti woiunika athe kutsimikiza msanga kuti palibe chasintha pa kagwiridwe ka ntchito. Dutsitsani patch pa scripts/checkpatch.pl, ndipo scripts/get_maintainer.pl ikuuzani oyenera kuilandira.