Momwe mungalembere buku la nthano ya mwana wokumbukira moyo wake wakale

Ambirife kuno ku Joni timalemba pafoni, m'takisi yopita kuntchito kapena usiku tikaweruka. Ngati mumtima mwanu muli nthano ya munthu amene anafa n'kubwerera m'thupi lina, musathamangire kukaitenga ku India. Mzinda uno uli ndi akufa athu ambiri amene sanafike kumudzi.

Choyamba, konzani mawu. Mukangolemba kuti "kubadwanso", owerenga aganiza za Nikodemo pa Yohane 3 ndi za kulandira Yesu. Nenani poyera m'mutu woyamba kuti uku ndi kubwerera kwa munthu wakufa m'thupi la khanda.

Chachiwiri, sankhani chikhulupiriro chimodzi chimene nthano idzayendere. Ahindu, amene mungacheze nawo ku Lenasia, amati zochita za munthu, karma, ndizo zimalamula mmene adzabadwire. Abuda ali ndi kachisi wamkulu wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit. Ayoruba a ku Nigeria amatcha mwana Babatunde, kutanthauza kuti bambo abwerera. Kwathu nkhani ndi ina pang'ono: mzimu wa agogo umadza kutulo, umadandaula kuti waiwalika, ndipo khanda limapatsidwa dzina la malemu. Ine ndikanayambira pa dzinapo. Mwana akatenga dzina la agogo, n'chiyani china chimene watenga? Zonsezi mukaziphika mumphika umodzi, owerenga salawa chilichonse.

Chachitatu, ndipo apa mpofunika kukhalitsa, pezani moyo wakalewo. Olemba ambiri amakonda kuti munthu wawo anali mfumu kapena mwana wa mfumu. Bwanji asakhale wa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito kumigodi? Golide anapezeka ku Langlaagte, kuno ku Joni, mu 1886, ndipo kwa zaka zambiri anyamata a ku Nyasaland ankalembedwa kudzakumba pansi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya dziko lino. Ankagona m'makomponi, ankalankhula Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi, ena fumbi la miyala linawadya mapapo. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Ena sanakwere ndege kapena sitima n'komwe, anangosanduka matchona. Taganizani mtsikana wa zaka zitatu wobadwira ku Rosettenville amene amakuwa ndege ikamadutsa, n'kumafunsa kuti sutikesi yake ya bulangete ndi wailesi ili kuti. Pitani ku Gold Reef City, imene inamangidwa pa mgodi wakale wa Crown Mines, mukaone zida ndi zisoti. Koma koposa apo, imbirani foni mkulu wa kumudzi amene anapitako ku Wenela kapena Theba, dzina limene Wenela inatenga pambuyo pake. Mfunseni zazing'ono: ankadya chiyani, kalata ankalembetsa kwa yani, anagula chiyani ndi malipiro oyamba.

Chachinayi, kukumbukira kubwere pang'onopang'ono. Ian Stevenson, dokotala wa matenda a maganizo pa University of Virginia, analemba nkhani zoposa 2,000 za ana onena kuti anakhalapo kale. Anaona kuti ambiri amayamba kulankhula zimenezi ali ndi zaka ziwiri mpaka zinayi, n'kumaiwala akamafika zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Ena anali ndi zipsera zobadwa nazo, ena ankaopa chinthu chimene amati chinawapha. Asayansi ambiri sanavomereze kuti umenewu ndi umboni, koma kwa wolemba muli mphatso: nthawi ndi yochepa, mwana akukula, posachedwa aiwala. Choncho musatsanulire zonse m'loto limodzi. Lero liwu limodzi la Fanakalo, mawa dzina la mudzi wa ku Dedza kumene makolo ake sanapondeko.

Chachisanu, apatseni mphamvu okana. Mayi a mwanayo ndi a Mvano, atsegula Ahebri 9:27 pamene pamati munthu amafa kamodzi. Abusa akuti ndi chiwanda, azakhali pa WhatsApp akuti apite naye kwa sing'anga, bambo akungoopa kuti eninyumba amva n'kuwathamangitsa. Musamusandutse chitsiru aliyense wa iwowa, chifukwa owerenga anu ndi omwewa.

Chomaliza ndi kutseguka maso kwauzimu, pamene mabuku ambiri otere amasanduka ulaliki. Musalembe kuti "anazindikira choonadi". Wina achite kanthu. Bambo amene watha zaka khumi osapita kumudzi agule matikiti a basi ku Park Station, adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, mwana ali pamiyendo. Kumudziko apeze gogo amene sanalirepo maliro a mwamuna wake chifukwa mtembo sunabwere. Kaya mwanayo ndi malemuyo kapena ayi, musayankhe ndinu.

Mukamaliza mutu uliwonse, dziwerengereni mokweza n'kujambula mawu pafoni, mutumizire mkulu wa Wenela uja. Pamene anene kuti "ayi, sizinkatero", bwererani mukalembenso.