Musanagule purosesa ya K, onani zimene ilibe

Izi ni za amene mufuna kugula purosesa ya Intel ya desktop imene nambala yake ithera na K. Multiplier yake (nambala imene ipanga liwiro la purosesa) ni yotsegula, mungakweze liwiro (overclocking) mu BIOS, ma setting a motherboard, ngati motherboard yanu ni ya chipset ya Z, koma pa mitundu yakale kuli zinthu zimene Intel inatseka dala ndipo palibe setting iliyonse imene ingazitsegule, olo mufufuze BIOS yonse.

Cacikulu ni VT-d, imene ilola virtual machine (kompyuta ina yoyenda monga pulogalamu mkati mwa kompyuta yanu) kugwilitsa nchito hardware mwacindunji. VT-x, imene ithandiza kuyendetsa ma virtual machine, ilimo, so VirtualBox olo VMware izayenda cabe bwino, koma mukafuna kupatsa virtual machine graphics card yake-yake kapena network card mwacindunji, pamenepo pafunika VT-d, ndipo i5-2500K na i7-2600K za 2011 zilibe, 3570K na 3770K za 2012 zilibe, 4670K na 4770K za 2013 nazonso zilibe. Pamene i7-4770 yopanda K, yochipako, ili na VT-d pamodzi na vPro na TXT (zoyang'anila na kuteteza makompyuta a muofesi), komanso TSX-NI, malangizo othandiza ma thread ambili kugwila memory imodzi popanda kudikilana kwambili.

Nanga cifukwa cake? Silikoni ni imodzi-modzi, amangotseka mbali zina ku fakitale. Intel inagawa ogula, wa magemu atenge K na board ya Z, wa muofesi atenge yopanda K na board ya Q imene vPro imafuna, wa seva apite ku Xeon. Kunena zoona ici sicinali bwino kwa munthu amene analipila zambili. Ndipo mu 2014 i7-4790K na i5-4690K zinatuluka na VT-d na TSX-NI pa Haswell yomweyo (mapangidwe amodzi-modzi na a 4670K na 4770K), kuonetsa kuti overclocking sinali kuletsa ciliconse. Koma TSX musaidalile, mu August 2014 Intel inalengeza kuti ili na bug pa Haswell ndipo inaizimitsa kupyolela mu microcode (pulogalamu ya mkati mwa purosesa), so mukacita update BIOS, TSX ingasowe.

Pa 12th gen, monga i9-12900K ya 2021, nkhani ni ina. Ma P-core (ma core amphamvu) angathe malangizo a AVX-512 ofulumizitsa masamu akulu-akulu, koma ma E-core (ma core osunga magetsi) sangathe, so pulogalamu ikasamuka kucoka pa core ina kupita pa inzake ingagwe. Poyamba anthu anali kuzimitsa ma E-core mu BIOS n'kupeza AVX-512, manje Intel inatseka njila imeneyo na microcode, ndipo ma chip opangidwa kuyambila 2022 anadulidwa AVX-512 ku fakitale. Ngati nchito yanu ifuna AVX-512, Ryzen 7000 ya AMD ili nayo.

Lembani nambala yonse ya purosesa pa Intel ARK, website ya Intel yoonetsa zimene purosesa iliyonse ili nazo, muone mizele ya VT-d na TSX-NI musanalipile. CPU-Z pa Windows olo lscpu pa Linux izakuonetsani malangizo amene ali oyaka. VT-d ifunikanso motherboard imene ivomela, ndipo pa ma board ambili muyenela kuiyatsa nokha mu BIOS.