Ana akafuna kuyenda khomo ndi khomo pa Halloween: tsiku lake ndi makonzedwe ake kuno ku Lilongwe

Okotobala akafika pakati, makolo a mumsewu mwathu ku Area 47 timayamba kufunsana kuti kodi ana ayenda liti chaka chino. Ena amati pa 31 penipeni, ena amati Loweruka loyandikira, ndipo sipalephera kupezeka mayi wofunsa ngati zimenezi n'zoyenera n'komwe kwa ana athu. Ine ndimakonza nawo, ndiye ndikuuzani mmene timachitira komanso chifukwa chake, makamaka inu amene mwana wanu wabwera kusukulu n'kuyamba kukuvutitsani kuti anzake akupita.

Tiyambe ndi tsikulo. Halloween ndi madzulo a pa 31 Okotobala, ndipo detilo silisuntha chifukwa ndi usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse, limene Akatolika ndi Aangilikani amakumbukira pa 1 Novembala. Pa 2 Novembala ndi pamene amapempherera omwalira. Zoyenda m'makomo zinayambira ku Ireland ndi ku Scotland, kumene ana ankavala zodzibisa nkhope n'kumaimba nyimbo kapena kulakatula ndakatulo pakhomo la munthu, iye n'kuwapatsa maapozi, mtedza kapena kandalama. Ku England anthu osauka ankapempha timakeke polonjeza kuti apempherera akufa a pabanjapo. Anthu a ku Ireland atasamukira ku America mwaunyinji pothawa njala ya m'ma 1840, anapita ndi miyambo yawo, ndipo kumeneko ndi kumene inakula n'kufika pamene timaionera m'mafilimu lero. Mawu amene ana amanena pakhomo, oti "trick or treat", anayamba kuoneka m'manyuzipepala a ku Canada zaka pafupifupi 100 zapitazo. Kale ankaopseza nawo kuti mukapanda kutipatsa kanthu tikuchitani chipongwe. Masiku ano ndi moni chabe, ndipo ana athu tiziwauza momveka kuti chipongwe palibe.

Komatu ngakhale ku America komweko si onse amayenda pa 31. Mumzinda wa Des Moines, ku Iowa, kuyambira 1938 ana ankayenda pa 30 kwa zaka zambiri, ndipo mwana amayamba wanena nthabwala asanalandire switi. M'matauni ena khonsolo ndi imene imalengeza tsiku ndi maola, makamaka 31 ikagwa Lamlungu. Mu 2018 bungwe la ogulitsa zovala za Halloween linayambitsa pempho loti tsikuli lizikhala Loweruka lomaliza la Okotobala, koma silinasunthe. Choncho musadzimve olakwa mukasankha tsiku lina.

Ine maganizo anga ndi awa. 31 ikagwa Lachisanu kapena Loweruka, yendani tsiku lomwelo. Mu 2026 ikugwa Loweruka. Ikagwa pakati pa sabata, bwererani ku Loweruka la m'mbuyo, musapite la kutsogolo. Makolo ambiri amaweruka 5 koloko, ndipo ndi magalimoto a kumapeto kwa mwezi pamsewu wochokera ku City Centre kapena ku Old Town, amafika kunja kutada, ana mawa lake ali ndi sukulu. Mukakankhira mu Novembala mwalowa m'masiku amene anzathu ena akukumbukira abale awo omwalira, komanso mvula yoyamba imatha kugwa nthawi ina iliyonse. Ikagwa Lamlungu, ngati mu 2027, Loweruka pa 30 ndiye labwino. Koma funsani kaye. Ngati mumsewu mwanu muli mabanja a Seventh Day, Loweruka dzuwa lisanalowe sangatulutse ana, ndipo mungafunike kugwirizana Lachisanu masana ana akaweruka. Kuno tsiku lenileni ndi limene makolo onse amvana, chifukwa palibe khomo limene likuyembekezera ana popanda kuuzidwa.

Mfundo imeneyi ndi imene ndimaikakamira kwambiri. Ku America mwana amaona nyali ya pakhonde yoyaka n'kudziwa kuti apa ndi polandiridwa. Kuno tili ndi mipanda ya njerwa, mageti achitsulo, alonda ndi agalu, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti pa 31 pali chiyani. Gulu la ana obisa nkhope likagogoda pageti la munthu wosadziwa kanthu, mwini nyumba adzadzidzimuka, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Ndiye kukatsala sabata ziwiri, munthu mmodzi kapena awiri ayende okha nyumba ndi nyumba kukafotokoza. Uthenga wa pa WhatsApp pawokha sukwanira, agogo ambiri sauwerenga. Lembani nyumba zimene zavomera, ndipo iliyonse imangirire baluni ya olenji kapena kansalu pageti tsikulo. Geti lopanda chizindikiro ana alidutse. Uzani alonda nthawi imene ana afike, agalu amangidwe msanga, ndipo a chitetezo cha m'dera adziwe kuti madzulo amenewo mumsewu mukhala ana.

Mudzakumana ndi anthu okana, ena mwaulemu, ena mwaukali. Alipo Akhristu ambiri amene amaona kuti Halloween ndi ya mizimu yoipa ndipo safuna kuyandikira. Musatsutsane nawo, ndipo musalole ana kuwanena. Amenewo ndi aneba anu chaka chonse, ndi amene adzathamangire kwanu mukadzadwala usiku. Ingowathokozani n'kupitirira.

Nthawi yake ikhale ya masana. Kumapeto kwa Okotobala dzuwa la ku Lilongwe limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo mdima umagwa msanga. Magetsi akazima ndiye mumsewu simuoneka chilichonse. Isanakwane 4 koloko kumakhala kukutentha kwambiri, mwana wovala zolemera akhoza kukomoka. Ife timayamba 4 koloko n'kumaliza 5:30. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pagulu, wamkulu mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo atanyamula botolo la madzi. Ana asalowe m'nyumba ya munthu, alandirire pageti kapena pakhonde. Ndipo ulemu wathu usatayike chifukwa mwambowu ndi wobwera: mwana ayambe ndi "odi", apereke moni kwa akuluakulu, alandire ndi manja awiri, anene zikomo.

Tsopano zovala, ndipo apa ndikupemphani mundimvetsere bwino, makolo anzanga. Zimene zili zoseketsa ku London kapena ku New York si zonse zili zoseketsa kuno. Mwana wanu asavale ngati wopopa magazi, wa mano aataliatali ndi utoto wofiira kukamwa. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Zinachitika miyezi ngati yomwe ino, Seputembala ndi Okotobala. Asavalenso ngati mfiti. M'dziko muno agogo amamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chonamiziridwa ufiti, ndipo ana nawonso amanenedwa kuti akuphunzitsidwa kutamba. Dzina limene mwana angapatsidwe tsiku limodzi likhoza kumutsatira zaka.

Chachitatu ndi Gule Wamkulu. Lilongwe ndi dera la Achewa, ndipo madambwe alipo pafupi ndi tauni. Musamusokere mwana chigoba, nthenga kapena masanza ofanana ndi a gule poganiza kuti mukuonetsa chikhalidwe chathu. Gule ndi wa olowa, ali ndi mwambo wake, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu padziko lonse. Kumusandutsa chovala chopemphera maswiti n'kunyoza eni ake, ndipo mukhoza kupezeka muli pamlandu kwa amfumu.

Zotsala n'zambiri. Namwino, dokotala, woyendetsa ndege, wosewera wa Flames kapena wa Queens, mkango, gulugufe, njuchi. Mapiko amatheka ndi katoni ndi penti, chisoti chachifumu ndi pepala lolimba, mkanjo ndi chitenje chakale. Pa kaunjika ku Tsoka mumapezeka madiresi ndi majekete oti telala angowabweza pang'ono. Zigoba za pulasitiki zotseka nkhope yonse zisiyeni. Mwana amatuluka thukuta, saona galimoto, ndipo aneba samuzindikira. Utoto pang'ono pamasaya ndi wokwanira.

Zopatsa ana zikhale zokutidwa kuchokera kusitolo: maswiti, mabisiketi, timapaketi ta kamba. Chokoleti chimasungunuka m'kathumba msewu usanathe. Mafirizi a malambe ana amawakonda kuposa zonse m'nyengo yotentha ino, koma zopanga pakhomo ngati amenewa, mandasi kapena zitumbuwa, zichokere kunyumba zimene makolo onse akuzidziwa. Funsiranitu ngati pali mwana amene mtedza umamuwenga kapena wodwala shuga, kuti mumukonzere pensulo, baluni kapena kabuku kojambulamo. Ku America, kuyambira 2014, nyumba zopereka zinthu zosadya zimaika dzungu lopaka utoto wobiriwira mopita ku buluu, ife timangouzana. Ndalama musapereke. Kuti wina asalemedwe, timasonkha n'kukagula pa holoselo ku Area 2, kenako n'kugawana nyumba zonse mofanana, kuti ana asamanene kuti kwa auje n'koumira.

Gulani zoposa chiwerengero cha ana amene mwalemba. Ana akangoyamba kuyenda, ena amatulukira: ana a alonda, a ogwira ntchito m'nyumba, a kumsewu wa kuseri. Ine zimandipweteka kuona mwana ataima patali akuyang'ana anzake akulandira, pamene amasewera limodzi masiku onse. Ana a antchito aitanidwe kuyambira pachiyambi ndipo athandizidwe zovala. Pa Khirisimasi mwana akabwera pakhomo kudzapempha Khirisimasi yake sitimufunsa kuti bambo ake amagwira ntchito yanji, ndipo apa pakhalenso chimodzimodzi.

Za dzungu losema nkhope musavutike nazo. Maungu athu amakhwima kumapeto kwa dzinja, mu Okotobala ndi osowa komanso odula. Ngakhale ku Ireland poyamba sankasema maungu, ankasema matanipu, mbewu ya muzu waukulu wobulungira. Chivwende chimasemeka bwino, ndipo zam'kati ana adya. Muikemo katochi, osati kandulo, chifukwa udzu ndi mipanda ya maluwa zimakhala zitauma gwa.

Ngati mumakhala kumene nyumba zili zothithikana, ngati ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Chinsapo, kapena pafupi ndi msewu wodutsa maminibasi ndi akabaza a njinga zamoto, sindikulangizani kuyenda m'makomo. Ana amachuluka mwadzidzidzi, wamkulu sangawawerenge, ndipo maswiti akatha pamayamba kulimbirana. Sankhani bwalo la nyumba imodzi yokhala ndi mpanda, banja lililonse liike tebulo lake kapena mpando, ana azizungulira pomwepo. Ku America ena amachita zotere pamalo oimika magalimoto a patchalitchi kapena pasukulu, maswiti ali m'buti ya galimoto.

Ana akabwerako, khuthulani kathumba patebulo, tayani chilichonse chotseguka, ndipo mugawe zodya lero ndi zosunga, apo ayi nsima yamadzulo siidyedwa. Mapepala a maswiti atoledwe mumsewu tsiku lomwelo. Ndipo ngati m'dera mwanu mwagwa maliro, mwaona nthambi pamsewu, zonse ziimitsidwe ngakhale zovala zitasokedwa kale. Maswiti saola, mudzagwirizana Loweruka lina, kapena ana adzagawana mwakachetechete kunyumba.