Masiku awiri ku Dhanbad, ulendo wa mimba basi

Dhanbad ndi tauni ya malasha ku Jharkhand m'dziko la India, ndiye fumbi lilipo heavy, tengani mask ndipo pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale coz mu Meyi kutentha kumadutsa madigiri 40, simungadye bwino. Njira yophweka nkutera pa ndege ku Kolkata kenako sitima pa siteshoni ya Howrah, Black Diamond Express kapena Coalfield Express, tikiti bukiranitu.

Gonani chakufupi ndi Bank More, dera la mashopu la m'tauniyi, madzulo muziyenda wapansi. Yambani ndi litti chokha, timipira ta ufa wa tirigu toika sattu mkati, ufa wa nchana wokazinga uja, amatiwotcha pa makala nkutiviika mu ghee (mafuta ochokera ku batala), ndiwo yake mabilingano owotcha osinja ndi tomato ndi mbatatesi. Imeneyi musaiphonye ayi, ndipo gulani pomwe mukuona moto ndi maso anu, zogonera pa tebulo zisiyeni.

Mmawa dhuska, chitumbuwa cha mpunga ndi dal (mbewu za gulu la nyemba), ndi tiyi wamkaka. Tsabola ngati simumutha nenanitu, madzi a m'botolo okha, komanso khalani ndi ma rupee ang'onoang'ono poti ambiri amalipira pa foni ndi UPI yomwe mlendo imavuta. Thekua, timabisiketi totsekemera ta ufa wa tirigu, gulani ya kamba, imachedwa kuonongeka.