Kuchezera munthu wa ulumali wa muubongo amene wagwidwa ndi matenda okhumudwa

Munthu wa ulumali wa muubongo sanena kawirikawiri kuti wakhumudwa. Mumaonera zochita: wasiya kusamba, akukana nsima, akungogona masana, akupsa mtima msanga, ngakhale dimba limene ankalikonda sakulithiriranso. Achibale amangoti ndi ulumali wake womwewo, pomwe zikapitirira masabata 2 akhoza kukhala matenda ofunika achipatala amuone.

Kumupezera mnzake wodzipereka ndi mbali imodzi chabe ya chithandizo. Kafukufuku wa ku England wa mu 2021 anayesa kucheza kwa ola limodzi pa sabata kwa miyezi 6, koma anapeza anthu 16 okha, choncho sanatsimikize kuti njirayi payokha imachiza.

Wodzipereka akhale wa dera lomwelo, woti n'kuyenda wapansi. Kuno ku Mzuzu, wa ku Luwinga mukamupatsa munthu wa ku Mchengautuba, ndalama ya kabaza imutopetsa, ndipo mvula ya kuno ikayamba asiya kubwera. Mwamuna apite kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, ndipo ngati pakhomopo amayankhula Chitumbuka, wochezayo azichidziwa. Ulendo woyamba pakhale womusamalira, koma mwiniwakeyo afunsidwe yekha ngati akufuna.

Kwa inu wochezera, chachikulu ndi kusunga tsiku. Mukati Lachitatu 3 koloko, likhale lomwelo, mulichonge pa kalendala ya m'nyumbamo. Wodwalayo amayamba kudikira pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo mukapanda kufika osatumiza uthenga amaganiza kuti wakulakwirani. Izi zimamubwezera m'mbuyo kuposa mukanapanda kuyamba n'komwe.

Theka la maulendo muzituluka naye: kumsika, kukwaya, kukaonera mpira pa Mzuzu Stadium. Musamufunse mafunso a eya kapena ayi, chifukwa ambiri amangovomera kuti akusangalatseni. Muonetseni zinthu ziwiri, bawo ndi wailesi, asankhe yekha, ndipo mudikire yankho osamuyankhira. Ndalama musapereke, ubwenziwo umasanduka wodikira thandizo. Za mankhwala ake, monga a khunyu, zisiyireni achipatala.

Akatchula zofuna kufa, akadzivulaza kapena akasiyiratu kudya, uzani womusamalira ndipo tsiku lomwelo apite ku chipatala cha matenda a m'maganizo cha St John of God kapena ku Mzuzu Central Hospital. Akaulula za nkhanza, musalonjeze kusunga chinsinsi. Nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Kukatsala mwezi umodzi kuti kuchezeraku kuthe, muuzeni kuti maulendo atsala 4, muziwerenga naye limodzi, ndipo ulendo womaliza usanafike akhale atazolowera kale gulu la kutchalitchi kapena kumzikiti lomwe lizimutenga sabata iliyonse.